Munda Wanga uli ku Chilanga, wanu ungakwane mu baketi

Mu mabuku a kusukulu na mu mapepala a alendo, Lusaka amaitcha Garden City. Manje ngati mukhala mu Kanyama, mu Chibolya, mu George, olo mu Garden mwenimweni, mungaseke mpaka misozi. Garden iti? Pakhomo ni simenti, kumbuyo ni chimbudzi cha mabanja asanu, pamwamba ni waya wa zovala za aneba, ndipo kamalo kamene katsalako ba landlord anena kale kuti azamangapo ka room kena.

Koma osafulumila kuseka, bakamba. Pali chomela chimodzi chamene sichifunsa title deed. Chifuna chabe baketi, dzuwa na manzi, ndipo tsiku lamene muzasamuka chikwela pa Canter pamodzi na matilesi na mbaula. Ni lemongrass, udzu uja wonunkhila mandimu wamene ambuya anali kukuphikilani mukadwala chimfine.

Tengani Saturday imodzi. Tiyambila pa Soweto, titsike na Kafue Road mpaka ku Chilanga, tibwelele pa nyumba dzuwa lisanalowe. Nyamulani ya transport, ka pulasitiki na nsapato zosaopa matope.

Soweto, 06 hours

Soweto ya kuseni si malo a anthu aulesi. Ma truck a tomato, kabichi na anyezi afika kukali mdima, anyamata a mawilibala akuwa kuti muwapatse njila, ndipo amai a mu misika ya mu makomboni ali pa order, chitenge chomanga zolimba m'chiuno. Foni ikani mu thumba la kutsogolo. Pitani kwa ogulitsa jinja, galiki na mandimu, mupeleke moni bwino-bwino, ndiye mufunse ngati ali na lemongrass. Ngati alibe azakulozelani mnzawo. Pa Soweto munthu waulemu sasowa njila.

Mukaipeza, thyolani kansonga ka tsamba, mukafikise pakati pa zala, mununkhize. Fungo lija lichokela ku mafuta ali mkati mwa tsamba, makamaka amene asayansi amawatcha citral. Koma chomelachi sichigwilizana na mtengo wa mandimu ngakhale pang'ono. Ni udzu weniweni, wachibale wa chimanga, mapila na nzimbe. Dzina lake la m'mabuku ni Cymbopogon citratus, ndipo kwawo ni ku madela otentha a ku Asia.

Udzu uwu wayenda dziko kupambana ambili a ise. Ku Thailand amauika mu supu yawo yochuka ya tom yum. Ku Jamaica amautcha fever grass, ku Brazil capim-santo. Amene mumakwela TAZARA olo kupita ku Nakonde kukatenga katundu mudziwa kuti ku Tanzania ni mchaichai, ndipo tiyi yamene muli udzu uwu imveka fungo mukali patali. Ngakhale oweta njuchi amaudziwa: amapaka mafuta ake mu mng'oma watsopano chifukwa fungo lake lifanana na lamene njuchi zimaitanilana nalo.

Manje mvelani apa, chifukwa ambili amataila ndalama pano. Ngati mufuna yakumwa chabe, gulani masamba. Koma ngati mufuna yobyala, masamba okha sangamele olo muwapemphelele. Funani tsinde lamene lili na thako lake, kunsi koyela kofufuma monga ka anyezi kang'ono, ndipo ngati pali tumizu ni bwino maningi. Mtundu uwu suchita maluwa kawili-kawili, mbewu zake n'zosowa, so umachuluka mwa kugawa chiputu. Lemongrass iliyonse yamene muona mu Lusaka inachoka pa chiputu cha munthu wina. Gulani matsinde atatu olo anayi, muwakulunge mu nyuzi yonyowa, muike mu pulasitiki. Azapilila ulendo wonse.

Pa windo ya minibus

Yendani ku steshoni mufunse basi ya ku Chilanga olo ya ku Kafue. Limbilani mpando wa pa windo, chifukwa Kafue Road ni kalasi ya history yamene simulipila school fees.

Mu 1931 mzungu wina wa ku Britain, Professor Stanley Adshead, anajambula pulani ya mzinda watsopano. Mu 1935 likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kubwela kuno. Pulaniyo inali ya miseu ikulu-ikulu, mitengo m'mbali na mayadi otakasuka, ndipo dzina la Garden City linachoka pamenepo. Koma magadeni amenewo anali a azungu. Munthu wakuda anali kuonedwa monga wanchito wongopita, wobwela kuzasewenza na kubwelela kumudzi. Makomboni ambili anamela pa mafamu na pa malo a makampani, ndiye chifukwa chake mpaka lelo tili na maina monga John Laing, John Howard na George.

Basi ikapita pa Kafue Roundabout, yambani kuyang'ana. Mupita pafupi na Misisi, John Laing na Chawama. Osayang'ana ma billboard, yang'anani pansi, pa makomo a nyumba na pambali pa tuntemba. Muzaona maluwa mu chitini cha penti, repu mu saka ya unga, aloe vera mu tayala yakale, mpilipili mu chigubu chodula pakati. Palibe professor anajambula zimenezo. Ni amai na atsikana amene anakana kukhala pa fumbi yekha-yekha.

Mukafika cha ku Makeni zinthu zisintha. Mapuloti akula, mitengo ichuluka, matanki a manzi aima pamwamba, kapinga abiliwila ngakhale mu October. Nthaka ni imodzi-modzi, dzuwa ni limodzi-modzi. Kusiyana ni malo na borehole. Ise a mu komboni malo tilibe, manzi tigula pa kiosk. Ndiye tifunika chomela chamene chidziwa kukhala pa malo ochepa koma chipatsa zambili. Chili mu pulasitiki pa miyendo panu.

Chilanga: simenti na maluwa

Pambuyo pa makilomita pafupi-fupi 15 kuchoka mu town, mwafika. Chilanga ambili aidziwa chifukwa cha simenti. Kampani yake inayamba mu 1949, ndipo simenti ya kuno inathandiza kumanga damu ya Kariba. Komanso Chilanga ni kwawo kwa zomela. Ku Mount Makulu kuli likulu la ZARI, kumene akatswili a boma amafufuza za mbewu na nthaka. Ndipo m'mbali mwa mseu muli Munda Wanga.

Munda uwu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Anauyamba ni Ralph Sander, wanchito wa boma la atsamunda amene anali wokonda maluwa. Pambuyo pake unalowa m'manja mwa boma, wapita mu nyengo zabwino na zovuta, ndipo anthu ambili a mu Lusaka amaukumbuka chifukwa cha ma school trip, nyama na mapikiniki a pa holide. Lipilani pa geti, lowani. Koma ulendo uno musathamangile ma selfie. Yendani pang'ono-pang'ono monga munthu wabwela kuzaba nzelu.

Choyamba, onani kumene dzuwa ligwela. Pansi pa mitengo ikulu-ikulu pali zomela za masamba otambalala zokonda mthunzi, koma udzu pamenepo ni woonda. Pamene pali poyela m'pamene udzu ulimba. Lemongrass yanu ili mu gulu lachiwili.

Chachiwili, gwadani pansi pa mtengo, mukankhe masamba ouma na chala. Nthaka ya pansi pake ni yakuda, yofewa, yozizila, ngakhale kunja kutenthe bwanji. Ise pa nyumba timapyanga masamba onse na kuwashoka, ndiye tidabwa kuti nthaka yauma monga njelwa. Masamba ouma ni bulangeti ya nthaka.

Chachitatu, yang'anani kukula kwa mitengo. Ina yakhala pano zaka zopitilila 60. Amene anaibyala anapita kale, mthunzi tikhalamo ni ise. Ndipo dzina la malo ano si la Chizungu. Ni mau awili a chinenelo chathu amene aliyense angakambe ngati ali na kanthu kamene amathilila.

Chenjezo: osazula olo kuthyola kanthu muno. Ngati pa Soweto simunapeze matsinde abwino, pobwelela yang'anani ogulitsa maluwa a m'mbali mwa mseu, aja amene amandandalika tumapulasitiki twakuda. Sankhani chiputu chobiliwila, chamene chili na tuana tophuka pambali. Funsani ba mudala ogulitsawo mmene amathilila. Anthu awa akhala na zomela tsiku lonse, adziwa zambili.

Pa nyumba: baketi, msomali na mbaula

Mwafika, mwatopa, koma nchito yatsala ni ya mphindi 30 chabe. Ngati matsinde anu alibe mizu, dulani masamba kumwamba musiye tsinde lotalika monga chikhatho na theka. Chotsani makoko ouma a kunja. Aikeni mu botolo yodula, manzi afike chabe pa thako, muike pa windo pamene pafika kuwala. Sinthani manzi pakapita masiku awili. Mu mawiki awili olo atatu muzaona tumizu toyela. Ngati ali kale na mizu, byalani lelo lomwe.

Baketi ikhale ya malita 20, ija ya penti olo chigubu cha saladi chodula kumwamba. Itsukeni bwino. Ikani msomali pa mbaula, ukapsa muugwile na pulayala, muboole mabowo 8 olo 10 kunsi. Osadumpha mbali iyi. Lemongrass ikonda manzi, koma mizu ikakhala mu chithaphwi iwola. Baketiyo muikhazike pa njelwa ziwili kuti manzi azituluka.

Nthaka: magawo awili a dothi lakuda, gawo limodzi la manyowa owola bwino, na mchenga pang'ono ngati dothi n'lomata. Manyowa a nkhuku ni abwino, ndipo mu komboni simusowa munthu woweta ma broiler. Koma akhale akale, ouma, osanunkha. Atsopano amashoka mizu. Dothi osatenga pafupi na chimbudzi, pa dothi la zinyalala olo mu ngalande. Imwe a ku Kabwe, maka-maka mu Kasanda, Makululu na Chowa, mudziwa nkhani ya lead yamene mugodi unasiya mu nthaka pamene unatsekedwa mu 1994. Kwa imwe baketi ndiyo njila yabwino: dothi lichoke kutali na mugodi, ndipo masamba muziwatsuka fumbi lonse.

Byalani matsinde atatu pakati pa baketi, thako lilowe pansi monga utali wa chala. Tsindilani na manja, thilani manzi mpaka atuluke kunsi, phimbani pamwamba na masamba ouma olo makoko a nshawa. Mwakumbuka bulangeti ija ya ku Chilanga? Ni iyi. Wiki yoyamba ikhale pa mthunzi pang'ono. Ikagwila, isamutsileni pamene dzuwa likhala maola 6 olo kupitilila. Ngati muli na mwayi wa kamalo pansi, siyani sitepe imodzi ikulu pakati pa chiputu na chinzake, chifukwa chimakula kufika m'chiuno, nthawi zina mpaka pachifuwa.

Nkhani ya manzi

Apa ndiye pali mayeso. Tonse tikumbuka 2024: chilala, malaiti kuyenda maola ambili, mapampu kuima, mizele ya zigubu pa kiosk. Munthu amene wanyamula malita 20 pamutu sangawathile pa udzu, ndipo palibe angamuweluze.

Koma baketi imodzi siifuna zambili. Mu nyengo yotentha jagi imodzi olo ziwili kuseni zikwana. Mu nyengo yozizila, kawili olo katatu pa wiki. Njila yodziwila ni chala: chilowetseni mu dothi, ngati pansi pali chinyontho siyani, ngati pauma thilani. Ndipo si manzi atsopano ayi. Amene mwatsukila mpunga, repu, tomato olo kandolo, osataya pa mseu, apatseni lemongrass. Amene muli sopo wambili, Jik, mchele olo mafuta, amenewo ayi.

Manzi a mu ngalande na a mu zitsime zosazama, samalani. Mbali zambili za Lusaka, monga Kanyama, zikhala pa mwala wa laimu wamene uli na ming'alu, manzi a pansi ali pafupi, ndipo zimbudzi zokumba zili paliponse. Mvula ikagwa zonse zisakanikilana. Simunaiwale kolela yamene inayamba mu October 2023. Heroes Stadium, yamene Yo Maps anadzaza na anthu ovina mu 2023, pofika January 2024 inali yodzala na mabedi a odwala. Chinthu chamene muzamwa musachisambike na manzi okaikitsa. Thilani pa dothi osati pa masamba, tsukani masamba na manzi abwino, ndipo tiyi iwile zenizeni.

Kalenda yake

November mpaka April ni nthawi ya chisangalalo. Mvula ikayamba lemongrass ithamanga, ndipo iyi ndiyo nyengo yabwino yobyala na kugawa. Onani chabe kuti mabowo sanatsekeke. Mukaona madontho ofiilila monga nguwe pa masamba, ni matenda a chinyezi. Dulani masamba odwalawo, muwataye kutali, muike baketi pamene papita mphepo. Osapopela mankhwala a tomato pa chinthu chamene muzamwa.

May mpaka July ni nthawi ya mantha kwa oyamba. Lusaka ili pamwamba, mamita opitilila 1,200 kuchoka pa nyanja yamchele, ndipo usiku wa June uluma. Udzu uwu ni wa ku malo otentha, so uima kukula, nsonga ziuma, uoneka monga wafa. Sunafe. Chepetsani manzi, sendezani baketi pafupi na chipupa chamene chimawomba dzuwa masana, chifukwa chipupa chimasunga kutentha mpaka usiku.

August ikatha, metani masamba onse ouma musiye monga chikhatho chimodzi olo ziwili kuchoka pa dothi, onjezani manyowa manja awili. September na October thililani mosadumpha. Muzaona mmene ubwelela.

Kukolola kuyamba pakapita miyezi itatu olo inayi. Dulani masamba a kunja, a pakati muwasiye. Sewenzetsani sizala olo mpeni, osakoka na manja, chifukwa m'mbali mwa tsamba ni mwakuthwa monga leza. Ana ang'ono auzeni. Ndipo pakapita chaka olo ziwili baketi izadzala mpaka mizu kusowa popumila. Gubuduzani, tulutsani chiputu chonse, chidule na chikwanje magawo atatu olo anayi. Limodzi libwelele mu baketi na dothi latsopano. Enawo tikambapo kumapeto.

Kapu yoyamba

Tengani masamba atatu olo anayi, tsukani, apindeni mumange kamfundo, muponye mu poto ya makapu awili a manzi owila. Vinikilani, chifukwa fungo lamene lithawa na nthunzi ndiyo tiyi yeniyeniyo. Mphindi 5 mpaka 10 zikwana. Sefani kuti tuzidutswa twa masamba tusakukandeni pakhosi. Onjezani jinja wophwanya ngati kwazizila, ndimu, shuga pang'ono olo uchi. Ena amaika mu tiyi ya mkaka, ndipo na chitumbuwa olo kandolo pambali mwamaliza breakfast. Mulibe caffeine, so mungamwe usiku. Ikazizila mu fridge, masana a October, ipambana ma drink ambili a mu shop.

Tsinde loyela lija nalonso ni ndiwo. Liphwanyeni na thako la mpeni, muponye mu supu ya nkhuku olo ya nsomba, muchotse popakula. Masamba akachuluka yanikani pa mthunzi, osati pa dzuwa, musunge mu botolo yotseka. Pa month-end yakutali, pamene tea leaves yatha na ndalama ilibe, muzaiyamika baketi ija.

Manje tikambe zoona

Mu minibus, pa WhatsApp na pa TikTok muzamva kuti lemongrass ichilitsa malaria, BP, shuga, cancer, ichotsa mafuta pamimba na kutsuka magazi. Chinthu chimodzi chikachilitsa matenda onse, gwilani chikwama chanu zolimba.

Chamene ichita ni ichi: kapu yotentha ifewetsa pakhosi, imasula mphuno kwa kanthawi, ikupatsani manzi m'thupi pamene mudwala chimfine, ndipo ambili amamva bwino m'mimba akamwa pambuyo pa chakudya. Zimenezo si zazing'ono. Koma ni tiyi. Ku Brazil, kumene anthu amaimwa maningi kuti agone bwino, asayansi anaiyesa pa anthu mu 1986. Anapeza kuti siivulaza, koma sanapeze kuti igonetsa olo kuchotsa nkhawa kupambana chakumwa wamba.

Malaria siichilitsa. Thupi likatentha, mutu, kuzizidwa, maka-maka ngati mwachoka ku Chipata, ku Mansa olo kumudzi kulikonse, pitani ku kiliniki akakulaseni chala. Zotuluka zibwela mu mphindi zochepa, ndipo Coartem ni ya masiku atatu chabe. Mwana wosafika zaka 5 akatentha thupi, ni tsiku lomwelo, osayembekeza kuti tione mailo. Malaria ingaphe mwana mu masiku ochepa pamene poto ikali pa mbaula.

Wina azati, nanga Coartem siichoka ku zomela? Zoona. Mankhwala ake amodzi achokela ku artemisinin, yamene inapezeka mu chomela cha ku China chotchedwa Artemisia annua, ndipo mai Tu Youyou analandila mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha nchito imeneyo. Koma ni chomela china, ndipo mu piliti muli muyeso wodziwika. Mu poto yanu mulibe muyeso.

Udzudzu nawo suopa baketi yanu. Mafuta a citronella amene ali mu makandulo othamangitsa udzudzu achoka ku achibale ake a lemongrass, ndipo amasewenza kanthawi kochepa chabe akatulutsidwa mu tsamba. Udzu wongoima pakhomo suthamangitsa kanthu, ndipo chiputu chowilila chingakhale pobisalila udzudzu masana. Gonani mu neti.

Kufutikila, kuja tinachita tonse nthawi ya Covid na mabulangeti na mapoto, kumasula mphuno koma sikupha kachilombo. Ndipo poto ya manzi owila pansi pa bulangeti na mwana ni ngozi yoyembekeza kuchitika. Chifuwa chikapitilila mawiki awili, kapimitseni TB.

Amene mumwa ma ARV, mankhwala a BP olo a shuga, osasiya ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha tiyi, ndipo auzeni a nesi zonse zamene mumwa pambali. Azimai apakati, funsani ku antenatal musanayambe kumwa tsiku lililonse. Mwana wosafika miyezi 6 ni bele chabe, ndipo uchi osapatsa mwana wosakwanitsa chaka. Mafuta a lemongrass a mu tumabotolo si akumwa. Ndipo botolo iliyonse yogulitsidwa monga mankhwala, funsani ngati ZAMRA iidziwa.

Chiputu chigawidwa

Tibwelele ku magawo aja anatsala pamene munadula chiputu. Limodzi apatseni amai a pa next door amene amakusungilani makiyi. Lina ba landlord, mwina mwezi wamawa azalankhula mofatsa. Lina mutumize kwa alongo anu ku Matero olo ku Mtendere. Ngati muli na mutu wa bizinesi, ikani mu tumapulasitiki twakuda muike pa kantemba, olo mangani masamba tumitolo mugulitse pamodzi na jinja nyengo ya chimfine. Simuzagula Mark X, koma ya bundle na ya makala izapezeka.

Adshead anajambula Garden City yamene inathela ku mayadi. Mbali yotsalayo palibe azabwela kutijambulila. Izabwela na baketi imodzi mu Chawama, tayala imodzi mu Kalingalinga, chigubu chimodzi pa veranda ya mu Kabwata. Saturday ikubwela, ndipo basi ya ku Chilanga siichedwa kudzala. Mukabwelako, mlendo akafunsa kuti kanthu konunkhila aka pakhomo n'kandani, muyankheni na mau awili aja munaona pa geti.